Mmene mungalembere ndi kujambula Msilamu m'filimu popanda kumunamizira

M'chaka cha 2021, ofufuza a Annenberg Inclusion Initiative pa yunivesite ya Southern California anatulutsa zimene anapeza ataunika mafilimu 200 otchuka opangidwa ku America, Britain, Australia ndi New Zealand kuyambira 2017 mpaka 2019. Mwa atengambali 8,965 amene analankhulapo m'mafilimuwo, Asilamu sanakwane awiri pa 100 alionse, chonsecho pafupifupi munthu mmodzi mwa anthu anayi alionse pa dziko lapansi ndi Msilamu. M'mafilimu 181 munalibe Msilamu wolankhula ngakhale mmodzi. Mwa ochepa amene anapatsidwa mbali yooneka, oposa gawo limodzi mwa magawo atatu anali ochita zachiwawa, ndipo oposa theka anali ochitiridwa chiwawacho. Vutoli si la dzulo kapena dzana, pakuti mu 2001 Jack Shaheen anali atasindikiza kale buku lounika mafilimu oposa 900 a ku Hollywood, ndipo anaonetsa kuti chithunzi cha Mwarabu wankhanza ndi wadyera chinayamba mafilimu asanakhale n'komwe ndi mawu.

Ife olemba ndi ojambula akuno luso lathu tinaliphunzira poonera mafilimu omwewo, choncho zimene tinameza kumeneko zimatuluka zokha tikagwira cholembera, ngakhale mumtima mulibe chidani. Komatu kalembera wa 2018 anapeza kuti anthu pafupifupi 14 pa 100 alionse m'Malawi ndi Asilamu, ndipo iwowa ndi anansi athu, alamu athu ndiponso oonera masewero athu. Malangizo otsatirawa ndi a wolemba, wotsogolera filimu ndi wina aliyense amene akufuna kuika Msilamu pa kanema, kuyambira pepala loyamba mpaka tsiku loonetsa.

Choyamba, musanaganize za mzuli, mkanjo kapena hijabu, dzifunseni kuti munthu ameneyu akufuna chiyani m'nkhani yanu. Yankho lisakhale chipembedzo chake. Akhale mayi wogulitsa usipa amene akusowa fizi ya mwana wa Fomu 3, kapena namwino amene wasamutsidwira ku chipatala chakutali mwamuna wake akudwala, kapena mnyamata wabwera kuchokera ku Johannesburg wopanda kanthu pamene kwawo akumuyembekezera kuti amange nyumba ya malata. Mukapeza chimene chikumusowetsa tulo, m'pamene mufunse kuti Chisilamu chake chikukhudza bwanji zosankha zake: kodi angalandire ngongole yachiwongoladzanja, nanga akalandira, mtima wake ukhala m'malo? Apo chikhulupiriro chalowa m'nkhani mwa njira yake yeniyeni. Mukaona kuti mtengambali wanu mutamuvula zovala zachisilamu palibe chotsala, dziwani kuti mwalemba chovala, munthu simunamulembe, ndipo muyambirenso.

Chachiwiri n'chimene ambiri amachidumpha, ndipo ndikhalapo pang'ono. Muyenera kusankha kuti Msilamu wanu ndi wakuti, wa mtundu wanji, wa m'badwo uti, ndipo anaphunzira chipembedzo chake kwa yani. Mafilimu akunja anatizoloweza kuganiza kuti Msilamu aliyense ndi Mwarabu wa m'chipululu, pamene Aarabu ndi pafupifupi gawo limodzi lokha mwa magawo asanu a Asilamu onse, ndipo mayiko monga Indonesia, Pakistan, India, Bangladesh ndi Nigeria ali ndi Asilamu ochuluka kuposa Saudi Arabia. Kuno kwathu cholakwika chofanana ndi chimenechi ndi kuganiza kuti Msilamu aliyense ndi Myao wa ku Mangochi, ndi kuti Myao aliyense ndi Msilamu. Zonse ziwiri si zoona. Chisilamu chinafika ku Nkhotakota cha m'ma 1840 ndi Jumbe Salim bin Abdallah, wamalonda wa Chiswahili, ndipo kumeneko kuli Achewa amene makolo awo akhala akuswali kwa mibadwo ingapo. Mafumu a Chiyao monga Makanjira ndi Mponda analowa Chisilamu m'zaka zakumapeto kwa 1800. Ku Limbe ndi ku Lilongwe kuli mabanja achisilamu ochokera ku India, kuli Asilamu a Chilomwe ndi a Chitumbuka, kulinso amene analowa chipembedzochi atakula kale. Aliyense wa anthu awa amalankhula, kudya ndi kuseka mosiyana.

Ngakhale m'mudzi umodzi momwe, kachitidwe kamasiyana. Asilamu a gulu la Kadiriya amachita sikiri, kumene ndi kutchula dzina la Mulungu mobwerezabwereza, ndi kuimba pa maliro ndi pa zikondwerero, pamene a gulu la Sukuti amaona kuti pa maliro payenera kukhala bata. Achinyamata amene anaphunzira ku Madina kapena ku Sudan nthawi zina amatsutsana ndi akuluakulu pa za sadaka ya womwalira ndi pa miyambo ya jando ndi nsondo. Kusiyana kumeneku ndi chuma kwa wolemba, chifukwa mkangano weniweni wa bambo ndi mwana wake uli pomwepo, ndipo sufuna mfuti kuti ukome. Onaninso mbiri ya sukulu: makolo ambiri achisilamu m'nthawi ya atsamunda ankakana kutumiza ana ku sukulu za mishoni poopa kuti akawabatiza, ndipo zotsatira zake zikuonekabe m'maboma ena. Wolemba amene sadziwa chifukwa chimenechi amangoonetsa Msilamu wosaphunzira ngati choseketsa, ndipo amabwereza chipongwe chakale osadziwa kumene chinachokera. Nkhani ya hijabu m'sukulu za mipingo, imene inabuka ku Balaka mu 2019 n'kudzathera pa mgwirizano umene bungwe la Public Affairs Committee linathandiza kukonza mu 2021, ikusonyeza kuti zimenezi zidakali zamoyo, ndipo zikhoza kubala filimu yabwino ngati mbali zonse zapatsidwa anthu oganiza.

Chachitatu, itanani Asilamu kuti alembe nanu kuyambira pachiyambi, osati kuwapatsa nkhani yomaliza kale kuti angoidinda. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, koma kufunsa kuli ndi nthawi yake: munthu amene mwamuitana kutatsala sabata imodzi kuti mujambule akhoza kukonza mawu olakwika, koma sangathe kukonza maziko okhota. Masewero amene Asilamu ambiri akunja anawalandira bwino ali ndi chinthu chimodzi chofanana, ndicho kuti cholembera chinali m'manja mwa eni ake. Zarqa Nawaz ndiye anayambitsa sewero la pa kanema wa CBC ku Canada mu 2007 lonena za mzikiti wa m'tauni yaing'ono, Nida Manzoor analemba ndi kutsogolera sewero la Channel 4 ku Britain mu 2021 lonena za atsikana achisilamu oimba, ndipo ku South Africa Amy Jephta anatsogolera Barakat, filimu ya banja lachisilamu la ku Cape Town, m'chilankhulo chimene anthu akumeneko amalankhula panyumba. Musadalire munthu mmodzi. Shehe adzakuuzani zimene chipembedzo chimaphunzitsa, koma mmene amayi amachezera potsuka mtembo wa mayi mnzawo, kapena mmene mtsikana amamvera tsiku loyamba kuvala hijabu ku ntchito, zimenezo muzimva kwa amayi ndi atsikana. Alangizi amenewa alipidwe ndipo mayina awo alembedwe kumapeto kwa filimu, chifukwa akugwira ntchito monga aliyense. Ngati simukudziwa poyambira, Muslim Association of Malawi ndi Qadria Muslim Association of Malawi akhoza kukulozerani anthu, ndipo ku Radio Islam kuli anthu odziwa chipembedzo ndi ntchito yofalitsa mawu pamodzi.

Chachinayi, nkhani ikalembedwa koyamba, iyeseni. Ku Britain kuli muyeso wotchedwa Riz Test, umene Sadia Habib ndi Shaf Choudry anaukonza atamva zimene wosewera Riz Ahmed analankhula ku Nyumba ya Malamulo ya dzikolo mu 2017. Muyesowu umafunsa zinthu zisanu za mtengambali wachisilamu: ngati akukamba, akuchita kapena akuchitiridwa zauchigawenga, ngati akuoneka wolusa popanda chifukwa, ngati akuoneka wotsalira ndi wodana ndi zamakono, ngati akuoneka woopseza moyo wa anthu a mayiko a azungu, ndiponso ngati mwamunayo ndi wopondereza akazi kapena mkaziyo ndi woponderezedwa. Funso lachinayi kuno mukhoza kulitembenuza n'kufunsa ngati Msilamu wanu akuoneka ngati mlendo m'dziko lake lomwe. Ndiwonjezerepo mafunso awiri a kwathu: kodi iye yekha ndiye sing'anga wa zithumwa m'nkhani yonse, nanga kalankhulidwe kake ka Chiyao mwakaika kuti anthu aseke?

Pali msampha wina umene ogwamo amakhala a mtima wabwino. Poopa kulakwira Asilamu, wolemba amapanga munthu wopanda banga, wosakwiya, wongomwetulira ndi kugawa nzeru. Ameneyunso si munthu. Msilamu m'filimu akhoza kunama, kuchita nsanje, kujomba swala ya m'bandakucha chifukwa cha tulo, ngakhale kukhala chigawenga cha nkhani yonse, malinga ngati si iye yekha amene akuimira Asilamu onse ndipo kuipa kwake kuli ndi gwero la umunthu. Abderrahmane Sissako wa ku Mauritania anasonyeza njira mu filimu yake ya 2014 yotchedwa Timbuktu, yonena za zigawenga zimene zinalanda mzindawo ku Mali mu 2012: ozunzidwa ndi Asilamu, ndipo amene akudzudzula zigawengazo maso ndi maso chifukwa cholowa mumzikiti ndi nsapato ndi mfuti ndi imamu wa mzindawo. Amene angafune kulemba za nkhondo ya ku Cabo Delgado ku Mozambique, imene inayamba mu October 2017 ku Mocímboa da Praia, akumbukire kuti ambiri mwa ophedwa ndi othawa kwawo ndi Asilamu omwe.

Chachisanu ndi cha mapemphero, ndipo apa m'pamene Msilamu woonera amadziwira msanga ngati munafufuza kapena munangoganizira. Swala ndi zisanu patsiku ndipo iliyonse ili ndi nthawi ndi muyeso wake: ya m'bandakucha ili ndi marakaa 2 (rakaa ndi chigawo chimodzi cha kuimirira, kuwerama ndi kugwetsa nkhope pansi), ya masana 4, ya chakumadzulo 4, ya dzuwa litangolowa 3, ndipo ya usiku 4. Ya masana ndi ya chakumadzulo imamu sawerenga mokweza, choncho chithunzi cha dzuwa lili paliwombo ndi imamu akuwerenga mokweza n'cholondola pa Lachisanu pokha, pa swala ya Juma. Woswali amayang'ana ku Makka, ndipo kwa munthu amene ali m'Malawi kumeneko ndi kumpoto, kupendekera pang'ono kum'mawa. Ngati dzuwa likulowa kutsogolo kwa wosewera wanu, mwamuimika molakwika. Asanaswali amatawaza: amasamba m'manja, amachukucha m'kamwa, amatsuka m'mphuno ndi kumaso, kenako mikono mpaka m'zigongono kuyambira wamanja, amapaka madzi kumutu ndi m'makutu, n'kumalizira mapazi mpaka m'akakolo. Pogwetsa nkhope pansi, chipumi ndi mphuno, zikhato, mawondo ndi zala za kumapazi zonse zimakhudza pansi. Mizere imakhala yowongoka, phewa kukhudza phewa, nsapato zili mulu pakhomo.

Zimenezi musazione ngati malamulo ongokuvutitsani, chifukwa muli sewero lokoma mkati mwake. Munthu amene ali pa swala sayankha womulankhula, ndipo ena sadutsa kutsogolo kwake. Tangoganizani mnyamata wafika wefuwefu ndi uthenga wakuti bwato la mchimwene wake silinabwerere kunyanja, n'kupeza mayi ake ali pamkeka, atayamba kale rakaa yachiwiri. Ayenera kuima pakhomo, chipewa m'manja, kudikira mpaka mayiwo atembenuzire nkhope kumanja ndi kumanzere popereka salamu. Mphindi imeneyo, kamera ili pa nkhope ya mwanayo, imanena zambiri za banjalo kuposa mawu amene mukanalemba.

Maliro nawo ali ndi dongosolo lake. Mtembo umatsukidwa ndi anthu ofanana nawo, amuna kwa mwamuna, akazi kwa mkazi, umakulungidwa mu nsalu yoyera, ndipo umaikidwa msanga, kawirikawiri tsiku lomwelo kapena lotsatira, utagonekedwa chakumanja kuyang'ana ku Makka. Swala ya janaza imachitika choimirira, popanda kuwerama kapena kugwetsa nkhope pansi. Za Ramadani, kumbukirani kuti mwezi umenewu umabwerera m'mbuyo ndi masiku pafupifupi 11 chaka chilichonse, kotero ngati nkhani yanu yatchula chaka, fufuzani ngati kusala kunagwa m'dzinja kapena m'chilimwe. Osala amadya daku kusanache ndipo amamasula dzuwa likalowa, ndi madzi, tende ngati alipo, phala, tiyi kapena futali wa mbatata. Odwala, apaulendo ndi ana aang'ono sakakamizidwa kusala.

Pa za hijabu ndinene motsindika: mayi wachisilamu sagona ndi hijabu, ndipo m'nyumba mwake pakati pa mwamuna wake, ana ake ndi alongo ake safunika kufunda kumutu. Ngati wosewera wanu amavala hijabu m'moyo wake weniweni ndipo safuna kuoneka tsitsi pa kanema, musamukakamize. Kaduku wamba ka panyumba kapena kaimidwe ka kamera kathetsa vutolo. Ndipo chithunzi cha mtsikana amene akuvula hijabu n'kuitaya kuti tidziwe kuti tsopano wamasuka chabwerezedwa mpaka chatha mchere, ndipo atsikana ambiri amene anasankha okha kuivala amachiona ngati chipongwe.

Chachisanu ndi chimodzi, samalani mawu olankhulidwa ndi olembedwa. Salamu, Bismillah, Alhamdulillah ndi Insha Allah zimanenedwa tsiku ndi tsiku mwachizolowezi, pakati pa Chichewa kapena Chiyao, osati ngati kulengeza. Wosewera aphunzire katchulidwe kwa munthu wa dera limene nkhani ikuchitikira. Ulemu wa Che ndi Abiti uikidwe pamalo pake. Allahu Akbar ndi mawu amene woswali amawanena kambirimbiri patsiku, ndipo mayi amawanena mwana wake akakhoza mayeso, choncho kuwasungira pa nthawi ya chiwawa pokha ndi bodza. Zilembo za Chiarabu zimalembedwa kuchokera kumanja kupita kumanzere ndipo zimalumikizana, koma mapulogalamu ena a pa kompyuta amazidula ndi kuzitembenuza, kotero chikwangwani chilichonse chiwerengedwe ndi wodziwa musanachijambule. Mu 2015 opanga sewero la ku America la Homeland analemba ntchito akatswiri ojambula pakhoma kuti alembe Chiarabu pa malo ojambulira ku Berlin amene ankayerekezera kampu ya othawa kwawo, ndipo iwo analemba mawu onena kuti seweroli ndi latsankho. Mawuwo anaulutsidwa momwemo chifukwa panalibe amene anawawerenga. Mukafuna kutchula ndime ya Kurani, gwiritsani ntchito matanthauzidwe a Chichewa kapena Chiyao amene alipo kale, ndipo musapeke ndime kapena hadisi (zimene Mtumiki Muhammad ananena kapena kuchita).

Chachisanu ndi chiwiri, dziwani malire a zopatulika. Asilamu ambiri savomereza kuti Mtumiki Muhammad aonetsedwe nkhope kapena kuyerekezeredwa mawu, ndipo ambiri amatero ndi atumiki ena onse. Moustapha Akkad, pojambula filimu yake ya 1976 yonena za chiyambi cha Chisilamu, anafunsira kwa akuluakulu a yunivesite yachisilamu ya Al-Azhar ku Cairo ndipo sanaonetse Mtumiki ngakhale kamodzi: olankhula naye ankayang'ana mu kamera. Ngakhale anasamala chotero, mphekesera yabodza yakuti wosewera Anthony Quinn akusewera ngati Mtumiki inafala, pamene iye ankasewera ngati Hamza, m'bale wa Mtumiki, ndipo mu March 1977 anthu amfuti amene anagwira anthu oposa 100 ku Washington anaika kuletsa filimuyo pakati pa zofuna zawo. Choncho nkhani yanu ikayandikira zopatulika, fotokozani poyera zimene zilimo ndi zimene mulibe anthu asanayambe kumva zam'maluwa. Pa malo ojambulira, Kurani isaikidwe pansi, isapondedwe kapena kung'ambidwa. Ngati chithunzi chikufuna buku loti ligwe, gwiritsani ntchito buku lopanda ndime zopatulika.

Chachisanu ndi chitatu ndi cha masiku ojambula, ndipo n'chachifupi. Pemphani chilolezo kwa komiti ya mzikiti ndipo muwaonetse gawo limene mukufuna kujambula, osabisa kanthu. Onse olowa avule nsapato ndi kuvala modzilemekeza. Musaike ntchito yaikulu Lachisanu masana, ndipo m'Ramadani magawo olemetsa muwajambule m'mawa. Nyama ya ogwira ntchito ikhale ya halali, ndipo miphika imene yaphikira nkhumba isayandikire. Zogwirana manja kapena kukumbatirana pakati pa mwamuna ndi mkazi zikambidwe ndi osewera musanasayinirane, osati kamera itayaka kale.

Chomaliza chimachitikira pa kompyuta yolumikizira zithunzi, pamene filimu yolembedwa bwino ikhoza kuonongeka ndi phokoso lokha. Mafilimu ambiri akunja amaika azana, mawu oitanira anthu ku swala, pamodzi ndi nyimbo yoopsa ndi kuwala kwachikasu kuti woonera adziwe kuti zoipa zayandikira, ndipo wolumikiza wanu akhoza kuchita zomwezo osaganiza. Azana imveke pa nthawi yake yeniyeni, monga imamvekera ku Mangochi kapena ku Area 2 ku Lilongwe, pakati pa tambala, njinga za kabaza ndi ana opita ku madrasa, ndipo musaikepo nyimbo pamwamba pa kuwerenga kwa Kurani. Mukamaliza kulumikiza koyamba, onetsani filimuyo kwa kagulu ka Asilamu osiyanasiyana, amuna ndi akazi, akulu ndi achinyamata, a Kadiriya ndi a Sukuti, amene sanagwire nawo ntchitoyi. Musawafunse ngati aikonda; afunseni pamene aona kuti si mmene zimakhalira, ndi pamene azindikira munthu wa kwawo. Ndemanga zawo muzigawe pawiri. Zonena za cholakwika chenicheni, monga kaswalidwe, mawu kapena mwambo, zikonzeni ngakhale zitafuna kujambulanso gawo lonse, ndipo n'chifukwa chake m'bajeti muyenera kusungiratu ndalama ya tsiku limodzi kapena awiri obwereza. Zonena kuti mtengambali wachita tchimo limene Msilamu wabwino sayenera kuchita, zimvereni mwaulemu, mukambirane ndi Asilamu amene munalemba nawo, ndipo ngati iwo akuona kuti zoterozo zimachitikadi m'mabanja awo ndipo nkhani ikuzifuna, gawolo lisachotsedwe.